Esinati Wapepesa Chifukwa Chodzutsa Makina

Lachiwiri lapitali ndinalemba kalata yopepesa m'malo mwa munthu amene sanalakwe. Ndinailemba bwino zedi, moti amene anailandira anachita kuiyamikira. Chiyambire tsiku limenelo tiyi sakunditsekemera.

Ndikufotokozereni.

Ndili ndi mphwanga, mwana wa malemu mlongo wanga. Pano ndimutcha Esinati, ngakhale si dzina lake, ndipo zina ndasintha kuti asamuloze chala. Amakhala ku Bangwe ndi ana ake atatu. Bambo wa anawo tinawaika m'manda kalekale. Amagwira ntchito ku Makata, pa fakitale ina yopanga sopo wochapira, wamitanda uja amayi amadula ndi mpeni pamsika. Dzina la fakitaleyo sinditchula. Mukafuna, ikanipo dzina la fakitale yanu, likwana.

Ntchito ya Esinati ndi kuyang'anira makina odula sopo. Sopo amatuluka akadali wofewa, wautali ngati njanji, kenako timawaya tachitsulo timatsika n'kumudula mitanda yofanana. Basi. Koma timawayato tikaduka, fakitale yonse yaima.

Lolemba masana ndinangoona Esinati akulowa pageti pathu kuno ku Chilomoni, nthawi imene amayenera kukhala kuntchito. M'manja muli envulopu. Mpando anaukana, anakhala pa sitepe ya khonde.

"Malume, andiimitsa ntchito."

"Waba sopo?"

"Ndikanaba bwenzi zili bwino. Akuba amangowakalipira."

"Watukwana bwana?"

"Ayi. Ndinakonza makina."

Ndinamuuza kuti abwereze, popeza khutu langa lakumanzere linatsalira ku Makata komweko, kumene ndinagwira ntchito kale. Anabwereza. Ndinali nditamva bwino.

Zinayenda chonchi. Miyezi iwiri yapitayo timawaya tija tinaduka. Tatsopano sitipezeka m'dziko muno, timachokera kutsidya kwa nyanja kumene kunachokera makinawo. Abwana anaitanitsa. Sabata yoyamba anati tili m'njira. Yachiwiri anati tafika padoko. Yachitatu anati doko lake si limenelo. Nthawi yonseyi antchito ambiri anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba, ndipo mukudziwa kuti waganyu akakhala kunyumba mbaula nayo imapuma.

Tsiku lina Esinati akudutsa mumsika wa Ndirande anaima pa bambo wokonza njinga, amene ankasolola waya wa buleki womasuka kunsonga. Anaona kuti waya wa buleki si mmodzi ayi, ndi timawaya tambiri topotana ngati chingwe, ndipo kalikonse n'kowonda ngati ta makina ake. Anagula watsopano, anakamumasula kunyumba, mawa lake n'kukamangirira timawayato pa makina, n'kukunga bwinobwino.

Makina anadzuka. Sopo anayamba kutuluka, wodulidwa mosalala ngati kale. Amene anali kunyumba anaitanidwa. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kapitawo anaona, n'kuyang'ana kudenga. Manejala anaona malole akutuluka ndi sopo, ndipo sanafunse kuti sopoyo akudulidwa ndi mzimu wanji. Zinayenda choncho milungu isanu, aliyense ali chete, aliyense akudya.

Tsono kuti mumve pamene pagona mlandu, muyenera kudziwa mwambo wina wa m'mafakitale mwathu, umene suphunzitsidwa kusukulu iliyonse. Ife tinkautcha kusambitsa maliro, ndipo Esinati akuti dzina likadali lomwelo.

Kukamveka kuti mawa kubwera alendo, kaya eni kampani, kaya a kubanki, kaya amene anagulitsa makina, tsiku lonse limathera pochotsa chilichonse chimene antchito anaika pa makina ndi nzeru zawo. Lamba wodula ku tayala la lole, chotsani. Sipuling'i ya bedi, chotsani. Kamtengo kochirikiza, chotsani. M'malo mwake bwezeretsani zitsulo zenizeni za eni ake, zothyoka zomwezo. Mukatero pukutani makinawo, pakani penti, awale. Alendo akafika amapeza makina aukhondo, olemekezeka, akufa. Amapukusa mitu mwachisoni, amalemba m'timabuku tawo, amamwa zoziziritsa kukhosi, amapita. Galimoto yawo isanafike pamphambano, lamba wa tayala wabwerera kale pamalo pake.

Mukufunsa chifukwa? Ati mlendo asaone kuti timachita zachikuda. Ati ogulitsa makina akaona kuti tinagwiragwira, pangano loti azitikonzera ulere litha. Pa fakitale ya Esinati pangano limenelo linatha iye asanalembedwe n'komwe ntchito. Koma amaliopabe, monga muja ena amaopera apongozi amene anamwalira.

Sabata yatha kunabwera mlendo wotumidwa ndi ogulitsa makina. Tsiku losambitsa maliro Esinati kunalibe, anali kuchipatala ndi mwana. Anzake anachotsa zina zonse, koma timawaya ta njinga anatiiwala, chifukwa tinali titakhala bwino kwambiri moti sitinkaoneka tachilendo. Mlendo anafika ndi pepala lonena kuti makina odula sopo ndi akufa, akudikira timawaya. Anawapeza akudula sopo. Anawerama, anayang'anitsitsa, anaseka, anajambula ndi foni, n'kufunsa kuti waganiza zimenezi ndani.

Kuseka kumeneko ndiye mlandu. Palibe amene anamufunsa mlendoyo ngati akuseka monyoza kapena mokondwa. Abwana anangomva kuti aseka.

Kalata ya mu envulopu inali ndi milandu iwiri: kusintha makina a kampani popanda chilolezo, ndi kuchititsa kampani manyazi pamaso pa mlendo. Mlandu ukambidwa Lachitatu. Mayi wa ku ofesi yoona za antchito anamunong'oneza Esinati kuti njira ndi imodzi. Abwere ndi kalata yovomera kulakwa ndi kulonjeza kuti sadzagwiranso. Akatero angomuchenjeza. Akakana, ntchito yatha.

"Ndiye mundilembere, Malume. Inu mumatha kukonza mawu."

"Koma iwe sunalakwe."

"Ndikudziwa. Kusalakwako sindingakawaphikire ana."

Akuti ndimatha kukonza mawu. N'zoona. Chimene Esinati sadziwa, ndipo achiwerenga lero limodzi ndi inu, ndi mmene ndinayambira.

Ine sukulu ndinayamba ndevu zili kale pachibwano. Ubwana wanga unathera kubusa ndi m'minda ya eni, ndipo kuwerenga ndinaphunzira kusukulu yakwacha ndili kale ndi mkazi ndi ana, ndikugwira ntchito pa fakitale ya mapoto ku Makata. Munthu wophunzira mochedwa amakonda cholembera ngati mwana amene wavala nsapato koyamba: amafuna kuponda nazo paliponse, ngakhale pa zala za anzake.

Pa benchi limodzi ndi ine panali a Waisoni, bambo wa ku Ndirande, wamfupi, wosachulutsa mawu, wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake. Ntchito yathu inali kubowola mapoto kuti tiikepo zogwirira. Pa poto pamafunika mabowo anayi, ndipo tinkayeza limodzilimodzi, kubowola limodzilimodzi, ena n'kukhota ndithu. A Waisoni anayamba kutola zidutswa za zitsulo kudzala la fakitale. Nthawi yopuma masana, ife tikusewera bawo, iwo ali kupinda, kunola, kuyeza. Patatha mwezi anabwera ndi kachipangizo konga chipewa. Umavundikira poto, n'kutsitsa kamodzi, mabowo onse anayi ali pamalo pake. Ntchito ya tsiku lonse tinkaimaliza dzuwa lisanafike paliwombo.

Abwana atazindikira anabwera pa benchi n'kufunsa kuti wapanga ndani. A Waisoni anali atapita kukataya madzi. Ine ndinalipo.

Sindinanene kuti ndine. Ndinangomwetulira n'kuyang'ana pansi mwaulemu. Kwa zaka zambiri ndinkadzitonthoza nazo zimenezi, kuti pakamwa panga sipanatuluke bodza. Mwezi wotsatira ndinakhala kapitawo.

A Waisoni sanandikalipire. Ankangoti akandiona m'mawa, "Mwadzuka bwanji, a injiniya?" anthu n'kufa nacho chiseko. Tsiku ndi tsiku. Nthabwalayo itayamba kuyandikira chitseko cha abwana, ndinatenga pepala. Chinthu choyamba chodzaza tsamba lonse chimene ndinalemba m'moyo mwanga, ndekha, popanda mphunzitsi pambali, chinali lipoti lonena kuti a Waisoni amatenga zitsulo za kampani popanda chilolezo n'kumapanga zinthu zawo. Ndinalilemba katatu kuti zilembo ziwongoke.

Atawaitana, anayesa kufotokoza kuti zitsulozo n'zimene zinapanga kachipangizo kaja. Abwana anati, taonani munthu ameneyu, zitsulo sizinamukwane, tsopano akufuna kuba ndi nzeru za kapitawo zomwe. Anawachotsa Lachisanu.

Kachipangizo kanagwira ntchito chaka china, kenako kanatha mano n'kuyamba kukhotetsa mabowo. Abwana anati, a injiniya, pangani kena. Ndinakamasula, ndinakayang'ana, ndinakamanganso, m'manja mwanga n'kutsala zitsulo ziwiri zosowa kolowa. Ndinanena kuti zitsulo za masiku ano n'zofewa. Tinabwerera ku bowo limodzilimodzi, mpaka mapoto otsika mtengo ochokera kunja anatipeza tikuyeza ndi rula. Fakitale ija lero ndi nyumba yosungiramo katundu wochokera kunja. Ndamva kuti muli mapoto.

A Waisoni anakakhala mumsika wa Ndirande, kukhoma ndowa ndi mbaula. Ndikamadutsa ankakweza nyundo m'mwamba: "A injiniya!" Ine n'kukweza dzanja ngati ndi nthabwala ya pachinzake. Mbaula imene timaphikira kwathu ndi yawo. Ndinatuma munthu kukagula, ndekha sindikanatha. Mpaka lero sinabowoke. Anamwalira ndisanawauze kanthu. Kumaliro ndinapita, ndinaima kumbuyo, ndinaimba nawo. Akuluakulu anati mlandu suola. Anaiwala kunena kuti umalemera chaka ndi chaka.

Ndiye mukandimva ndikuseka abwana a Esinati, dziwani kuti ndikuseka abale anga. Fungo lawo ndimalidziwa.

Masiku ano ukatsegula wailesi umva kuti dziko silikutukuka chifukwa mafakitale athu alibe luso latsopano. Anthu a mataye amakumana m'mahotela kukambirana za luso latsopano. Amadya nkhuku, amalandira zikwama zolembedwa mawu a luso latsopano, amajambulitsa ataima pamasitepe, n'kugwirizana mfundo imodzi yaikulu: kuti adzakumanenso. Ena amakwera ndege kukaona mmene anzathu akunja amachitira, n'kubwerako ndi masuti.

Luso latsopano lili kuti? Amafunsa choncho, nkhope zili zachisoni.

Linali pa sitepe ya khonde langa Lolemba, bwana, litanyamula envulopu.

Ine ndagwira m'mafakitale mpaka khutu kugontha, ndipo ndikuuzeni: nzeru zatsopano sizinasowepo kwathu kuno. Zimabadwa sabata iliyonse, chifukwa sabata iliyonse china chimathyoka ndipo chosinthira chake chili kutsidya kwa nyanja. Kubereka timabereka. Kulera ndiye kwatikanika.

Vuto n'lakuti kwathu kuno nzeru ili ndi mpando wake. Imayenera kutsika kuchokera ku ofesi ya m'mwamba, itavala taye, italembedwa m'Chingerezi. Ikakwera kuchokera pansi itavala ovololo, si nzeru, ndi mwano. Wamng'ono akaona chimene wamkulu sanaone, funso loyamba silikhala lakuti, kodi chikugwira ntchito? Limakhala lakuti, akudziyesa ndani? Lachiwiri, akufuna mpando wa yani? Akakhala wamkazi pamabwera lachitatu: wamuuza ndani?

Anzake a pa benchi nawonso sawomba m'manja. Ati akufuna kutchuka. Ati atichotsetsa ntchito. Ati nzeru zokha sizingatero, pali kumene anapita.

Nzeruyo ikapulumuka zonsezi, imakhala m'mutu mwa munthu mmodzi ngati mlendo wopanda chiphaso. Palibe amene amaijambula papepala. Palibe amene amauza mwini wake kuti aphunzitse wachiwiri, chifukwa kutero ndi kuvomera kuti ilipo. Mwini wake akachotsedwa, akadwala, akamwalira, imapita naye. Fakitale imabwerera pamene inali, ndipo abwana amakweranso ndege.

Musayese kuti kunja kwa mpanda wa fakitale kuli bwino. Pitani ku Ndirande kumene amisiri amapanga makina ogayira mtedza ndi zitsulo za galimoto zakufa. Mmodzi akatulukira kapangidwe katsopano Lolemba, pofika Loweruka mabenchi khumi akupanga chomwecho, ndi chitsulo chopyapyala, pa mtengo wotsika. Palibe amene amati tiwonjezerepo apa kuti chipose. Onse amati tichotsepo apa kuti chitchipe. Pakutha pa chaka chinthu chija chimathyoka tsiku logula lomwelo, ogula n'kumati za kwathu n'zachabe. Ndipo ife ogula, tisadziyeretse. Ndinaonapo mmisiri akukhoma zilembo zachilendo pa chigayo chimene wapanga ndi manja ake, zilembo zimene iye mwini sangawerenge. Nditamufunsa anati, "Madala, ndikalemba kuti Ndirande mundinenerera mpaka ndilire. Ndikalemba izi mumafunsa ngati chatsala china."

Musandimve molakwa. Lamulo loletsa kugwiragwira makina lili ndi chifukwa chake. Ndinaonapo munthu akusiya zala m'makina chifukwa cha nzeru za mnzake. Waya wa njinga akhoza kuchita dzimbiri. Akhoza kuduka n'kutsalira mu sopo, mayi wina n'kudzicheka pochapa. Amenewo ndi mafunso enieni. Munthu wokonda fakitale yake akanaitana Esinati, n'kuitana wodziwa zitsulo, n'kunena kuti tiyeni timuyese waya ameneyu, tione atha masiku angati, tifune woposa pamenepa, ena awiri aphunzire kumanga kwake. M'kalata ya milandu ija munalibe mawu ngakhale amodzi onena za dzimbiri. Munali manyazi okhaokha.

Lachiwiri ndinakhala ndi pepala kuyambira m'mawa. Poyamba ndinalemba kalata yoyaka moto. Ndinawafunsa abwanawo kuti sopo yense anatuluka milungu isanu ija anadulidwa ndi chilolezo kapena ndi waya. Ndinatchulamo ndi mayina a nyama ziwiri. Nditamuwerengera Esinati pa foni anati:

"Yakoma, Malume. Ndiye ikapita imeneyo, ana ndibwere nawo liti kwanuko? Mukonzeretu chipinda."

Ndinaing'amba. Kulimba mtima n'kosavuta pamene ntchito imene ili pachiswe ndi ya wina.

Ndinalemba yachiwiri. Cholembera chinayenda mosavuta, ndipo n'chimene chinandiopsa. Mawu ankabwera okha ngati mbuzi zodziwa khola. Ndinalemba kuti: Ndinachita mosaganiza. Ndinaiwala malo anga. Ndikupempha mundikhululukire monga makolo anga. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti dzanja lija linachotsetsa ntchito a Waisoni linakalamba. Likadali ndi mphamvu.

Lachitatu ndinamuperekeza, popeza amaloledwa kubwera ndi munthu mmodzi. Pakhoma la polandirira alendo pali chikwangwani chachikulu chamitundumitundu, cholembedwa kuti ganizo la wantchito aliyense ndi chuma cha kampani. M'munsi mwake muli bokosi loponyamo maganizo, lokiya ndi loko wadzimbiri. Ndinafunsa mlonda kuti amatsegula liti.

"Makiyi anapita ndi manejala wakale, madala."

"Nanga mumalowabe kanthu?"

"Mavu."

Pazenera ndinasuzumira m'chipinda chodulira sopo. Makina anali ngwee, akuwala, akufa. Pambali pake anthu asanu ndi mmodzi azungulira tebulo, akudula sopo ndi mipeni, wina atagwira rula. Mitanda yake ina yonenepa, ina yowonda, ngati ana a mitala.

Mu ofesi munali manejala, mwamuna waulemu wocheperapo kwa mwana wanga woyamba, ndi mayi uja woona za antchito. Manejala anawerenga kalata yonse akugwedeza mutu.

"Kalata yabwino kwambiri iyi. Mwalemba ndinu, bambo?"

"Ndathandizako."

"Zikuoneka kuti munagwirapo ntchito. Anthu a masiku ano sadziwa kupepesa chonchi."

Ndinathokoza. Tamvani, anthu inu, ndinathokoza.

Kenako anamulangiza Esinati. Anati kampani imakonda maganizo atsopano kwambiri, koma pali ndondomeko. Ganizo lipite kwa kapitawo, kapitawo alipereke kwa woyang'anira gawo, woyang'anira gawo alitengere ku komiti.

"Komitiyo imakumana liti, bwana?" anafunsa Esinati, mofatsa ndithu.

"Ikakhazikitsidwa."

Anasaina. Chenjezo lomaliza, ayambe ntchito mawa. Mayi uja anaika kalata yanga mu fayilo n'kutuluka nayo. Ife tikudzuka, manejala anakankha chitseko n'kutsitsa mawu.

"Mayi, pang'ono. Timawaya tenitenito akuti tichedwabe, ndipo pali anthu akufuna sopo wambiri Lolemba. Waya wanu uja mukadali naye?"

"Munataya ndinu, bwana. Munati ndi zinyalala."

"Eya, eya. Koma kumene munagulako aliko wina?"

"Ku Ndirande njinga sizinathe."

"Ndiye mawa mulawirire, anthu asanachuluke, mumange monga muja. Koma izi sindinanene ine. Ndipo kukamabwera alendo muzichotsa nokha, musamadalire anzanu. Mwasaina kumene, mukudziwa."

"Nanga akandigwiranso?"

"Musagwidwe."

Ndinatsegula pakamwa. Esinati anandiponda phazi, mwamphamvu, pa chala chodwala chomwe. Ndinatseka.

Mwaiona nzeru ya bwanayo? Kampani yapeza waya, yapezanso kalata. Sopo akatuluka, ndi utsogoleri wabwino. Waya akaduka, pepala lili mu fayilo, losainidwa, lolembedwa mwaluso ndi malume ake enieni. Ine pa nthawi yanga ndinaba nzeru kamodzi n'kuchotsa mwini wake, ndiye inandithera m'manja. Awa aphunzira kwambiri: akusunga mwini wake kuti azimubera tsiku lililonse. Ndiye mukamati mafakitale athu sapita patsogolo, apa pokha ndikutsutsani.

Tikuyenda kupita kokwerera minibasi, Esinati anali atapepukidwa. Ntchito ilipo. Anagula nthochi n'kundigawira. Tikudutsa kuseri kwa mpanda anandilozera mulu wa sopo wong'aluka, wotayidwa pansi pa shedi, wofika m'chiuno.

"Mukuona uyo? Sabata iliyonse amataya wochuluka choncho. Akuti vuto ndi mafuta, ndiye akufuna kuitanitsa katswiri wakunja."

"Si mafuta?"

"Si mafuta. Ndinachiona kalekale chimene chimachititsa. N'kanthu kakang'ono, ka theka la tsiku."

"N'chiyani?"

Anandiyang'ana cham'mbali n'kuseka.

"Inu mumalemba m'nyuzipepala, Malume."

"Chabwino, ine usandiuze. Koma abwana ukawauza?"

"Ndasaina kuti ndinaiwala malo anga. Tsopano ndawakumbukira."

Anakwera minibasi yake, ine ndinatsala ndi khoko la nthochi m'manja.

Lachinayi analawirira. Makina akudula, malole akutuluka, ana ku Bangwe akudya. Mulu uja kuseri ukukula, ndipo katswiri akabwera akaupeza, pokhapokha ngati nawonso ausambitsa.

Inu abwana amene mukuwerenga izi pa mpando wozungulira, belu loweruka likalira lero imani pazenera muwaone akutuluka pageti. Mlonda awagwiragwira m'matumba mmodzimmodzi kuti asatuluke ndi kachidutswa ka sopo. Nanga chimene akutuluka nacho m'mutu, atatseka pakamwa monga munawaphunzitsira, chimene chikanapulumutsa fakitale yanu chaka chamawa, achisecha ndani?